Kodi mafuta othira m'madzi owiritsira supageti amagwira ntchito yanji?

Mwezi wa Ogasiti wapitawu kunali ukwati wa mwana wa msuweni wanga ku Mufakose, ndipo monga zimakhalira pa maukwati athu kuno ku Harare, amayi anasonkha moto kusanache, miphika ikuluikulu itandandalikidwa pa mafuwa kuseri kwa nyumba. Nsima, mpunga, nkhuku ndi kabichi zinapsa popanda mkangano, koma itakwana nthawi yowiritsa supageti panabuka kusiyana maganizo. Azakhali anga, omwe amayang'anira zophika pa zochitika zonse za pabanja pathu, anatenga botolo la mafuta ophikira n'kutsanulira pafupifupi theka la kapu m'madzi omwe anali atayamba kubwata. Mtsikana wina wa pachibale, amene akuphunzira zophikaphika m'tauni, anawayandikira mwaulemu nati, "Azakhali, mafutawo angopita pachabe, kusukulu anatiuza kuti sathandiza kanthu." Azakhali anamuyang'ana kaye asanayankhe. "Mwanawe, ine ndinayamba kuphika zimenezi amayi ako asanabadwe, ndipo anandiphunzitsa ndi agogo ako aamuna omwe anali khukhi ku Highlands zaka 30. Ukapanda kuthira mafuta udzapakula chibuma chimodzi, alendo adzachidula ndi mpeni."

Ndinabwerera kunyumba funsoli lili m'mutu, chifukwa nanenso ndinakula ndikuthira mafuta m'madzi a supageti osafunsa chifukwa chake, komanso chifukwa nkhaniyi imakhudza thumba la banja lililonse lomwe limagula botolo la malita 2 n'kumayeza ndi supuni kuti lifike kumapeto a mwezi. Tikalondola bwinobwino zimene zimachitika mumphika, tipeza kuti mafuta othiridwa m'madzi saletsa supageti kapena makaroni kumatana. Ali ndi ntchito ina imodzi yomwe amaigwiradi m'madzimo, ndipo pali nthawi ina yomwe amafunikira ndithu, koma nthawi imeneyo imafika madzi atakhuthulidwa kale.

Supageti, makaroni ndi mitundu ina youma ya chakudya chomwe anthu a ku Italy amachitcha pasta ndi ufa wa tirigu wokandidwa ndi madzi, woumbidwa ndi makina kenako n'kuumitsidwa. Mu ufawo muli zinthu ziwiri zomwe zimalamula kaphikidwe kake. Choyamba ndi sitachi, yemwe amatenga pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a kulemera konse, ndipo amakhala m'timibulu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Chachiwiri ndi mapuloteni omwe akakandidwa amapanga gluten, chinthu chotamuka chija chimene chimachititsa mtanda wa buledi kapena wa mandasi kukokeka osaduka. Mu supageti wouma, gluten amakhala ngati ukonde wokuta timibulu ta sitachi tija. Madzi otentha akalowa, timibuluto timamwa madzi n'kutupa, ndipo kutentha kukafika cha m'madigiri 60 timayamba kutulutsa zam'kati mwake zomwe ndi zomata. Aliyense amene anaphikapo nsima anaziona zimenezi ndi maso ake: ufa ukathiridwa m'madzi ofunda umangoyandama ngati fumbi, koma moto ukaugwira umasanduka phala lokhuthala lomwe limakanirira ku mthiko. Amene anadyapo kondowole wa kunyanja amadziwanso mmene sitachi wa chinangwa amamatira m'zala. Ulimbo womwewo ndi umene umaphatikiza supageti.

Chofunika kudziwa n'chakuti ulimbowu sukhala woopsa nthawi yonse yophika. Umavuta kwambiri m'mphindi ziwiri zoyambirira, pamene sitachi wa pamwamba pa chingwe chilichonse watupa kale koma madzi sanamutsukebe, ndiponso gluten wa m'kati sanalimbe ndi kutentha. Zingwe ziwiri zikakhudzana panthawi imeneyi n'kusiyidwa zili phee, sitachi wa ichi ndi wa icho amalumikizana n'kupsera pamodzi, ndipo pambuyo pake ngakhale mutavundula chotani zimangoduka osalekana. Koma zingwezo zikamasuntha, madzi amakokolola sitachi wapamwambayo, n'chifukwa chake madzi amasanduka otuwa ngati otsukira mpunga, ndipo pakapita mphindi zochepa khungu la supageti limakhala litakhazikika moti zingwe zimatha kugundana popanda kumatana.

Tsopano tiyang'ane kumene mafuta amakhala panthawi imeneyi. Mafuta ophikira ndi opepuka kuposa madzi: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene lita ya mafuta a mpendadzuwa kapena a soya imalemera pafupifupi magalamu 920. Pamwamba pa zimenezo mafuta ndi madzi sizisakanikirana. Choncho mafuta onse omwe athiridwa amayandama pamwamba, pamene supageti, yemwe ndi wolemera kuposa madzi, amamira pansi pomwe kumatanako kumachitikira. N'zoona kuti zingwe zimadutsa m'mafutawo polowa mumphika, ndipo n'zoonanso kuti madzi akamabwata mwamphamvu amaswa mafutawo kukhala timadontho tomwe timamira pang'ono n'kubwereranso pamwamba. Koma chinthu chomwe chanyowa kale ndi madzi sichigwira mafuta, monga mmene mafuta odzola amakanira kulowa pakhungu la mwana amene wangotuluka m'bafa osapukutidwa. Kadontho kakakhudza chingwe chonyowa kamatsetsereka n'kukwera, ndipo pakati pa zingwe ziwiri zomwe zagundana pansi pa mphika palibe mafuta omwe amafikapo.

Loweruka lina ndinafuna kudzionera ndekha. Ndinagawa pakati paketi ya magalamu 500, n'kutereka mapoto awiri ofanana okhala ndi madzi ofanana. M'poto woyamba ndinathira masupuni awiri a mafuta, n'kuponyamo supageti, n'kumusiya osamukhudza mpaka atapsa. M'poto wachiwiri sindinathire mafuta ngakhale dontho, koma ndinaima pomwepo ndi mthiko, ndikukankhira zingwe pansi zikamafewa ndi kuzitakasa kwa mphindi ziwiri, kenako ndinkangobwerako mwa apo ndi apo. Pokhuthula, wa m'poto wa mafuta anatuluka wonyezimira kunja koma ali m'mitolo ya zingwe zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zophatikizana, ndipo nditadula mtolo umodzi ndinapeza m'kati muli moyera ndi molimba, mosapsa. Wa m'poto wachiwiri anatsetsereka m'sefa chingwe chilichonse pachokha. Aliyense ali ndi mapoto awiri angathe kubwereza zimenezi kunyumba kwake.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu odziwa kuphika ngati azakhali anga amalumbira kuti mafuta amathandiza? Sikuti amanama, ndipo zomwe amaona m'mbale n'zenizeni. Choyamba, munthu amene amasamala mpaka kuyeza mafuta ndi yemweyo amene sachoka pamoto, amavundula nthawi yake, ndipo ulemu womwe ukanapita kwa mthiko umapita kwa botolo. Pa ukwati uja ndinaona ndi maso anga azakhali akutakasa mphikawo ndi mthiko waukulu wa nsima kuyambira pomwe paketi yoyamba inalowa. Chachiwiri, pokhuthula madzi m'sefa mafuta oyandama aja amadutsa pa supageti, ndipo ena mwa iwo amatsalira pa zingwe zomwe tsopano zayamba kuuma ndi nthunzi. Mafuta ochepa amenewo ndiwo amachedwetsa kumatana kwa m'mbale. Apa mafuta agwiradi ntchito, koma aigwira atatuluka mumphika, ndipo ochuluka apita ndi madzi ku ngalande.

Ntchito yeniyeni ya mafuta m'madzi owira ndi yolimbana ndi thovu. Madzi oyera akamabwata, timabaluni ta nthunzi timaphulika tikangofika pamwamba. Koma madzi akadzaza sitachi ndi mapuloteni ochoka mu supageti, khungu la timabaluni tija limakhala lolimba ndi lotamuka, sitiphulikanso msanga, timaunjikana, ndipo nthunzi yochokera pansi imatinyamula mpaka thovu lisefukire n'kuzimitsa gasi kapena kupserera pa mbale ya chitofu. Ndi zomwezo zimene mkaka umachita ukasiyidwa pamoto. Timadontho ta mafuta tikalowa m'khungu la timabaluniti timalifooketsa n'kuliboola, moti thovu limagwa lisanakwere. Pa ntchito imeneyi mafuta ali pamalo oyenera, pakuti thovu limapangika pamwamba pomwe iwo ali. Komabe supuni yaing'ono ya tiyi imakwanira poto wa pabanja, ndipo pali njira zina zosadya mafuta: kusadzaza poto kupitirira magawo awiri mwa atatu, kuchotsa chivundikiro supageti akangolowa, ndi kuchepetsa moto pang'ono madzi akabwereranso kuwira. Mthiko wopingasa pakamwa pa poto umaswa thovu kwa kanthawi, koma ukanyowa ndi kutentha umaleka kuthandiza. Ine sindingadzudzule mayi wa ku Mbare kapena ku Epworth amene ali ndi poto mmodzi wamng'ono, mwana kumsana, nathira kadontho ka mafuta kuti thovu lisamuzimitsire moto. Chomwe ndikunena n'chakuti adziwe chimene kadonthoko kakumuchitira, kuti asasiye mthiko poganiza kuti mafuta amuvundulira.

Ophika a ku Italy amakana mafuta m'madzi pa chifukwa chinanso, chomwe ndi msuzi. Iwo amafuna kuti khungu la supageti likhale lokhakhala pang'ono ndi lomata pang'ono kuti msuzi ukanirire pa chingwe chilichonse. Amazitenga mozama mpaka pa kapangidwe: opanga ena, monga a m'tauni ya Gragnano pafupi ndi Naples, amakankhira mtanda m'zibowo za mkuwa zomwe zimasiya khungu lokhakhala ndi lotuwa, pamene zibowo zokutidwa ndi pulasitiki yoterera yotchedwa Teflon zimatulutsa supageti wosalala ndi wachikasu chowala. Mafuta akakuta zingwe pokhuthula amatseka kukhakhala kumeneku, ndipo msuzi wa tomato, womwe mbali yake yaikulu ndi madzi, umatsetsereka n'kukadikha pansi pa mbale. Apa ndiyenera kunena mwachilungamo kuti vutoli limatengera kuchuluka kwa mafuta. Supuni yaing'ono m'malita atatu a madzi siisiya ambiri pa supageti, ndipo odya ambiri sangazindikire kusiyana. Theka la kapu ngati la pa ukwati lija ndi nkhani ina: m'mbale za alendo supu wa tomato ndi anyezi anali kumbali yake, supageti ali kwake, ndipo ana ankamaliza zingwe zopanda kukoma n'kumwera msuzi pamapeto.

Njira ya ku Italy imatembenuza sitachi yemwe timamuopa uja kukhala wothandiza. Supageti amachotsedwa m'madzi kutatsala mphindi imodzi kapena ziwiri kuti apse, amaponyedwa mwachindunji m'poto wa msuzi womwe uli pamoto, ndipo amathiramo kapu yaing'ono ya madzi otuwa omwe anawiritsira aja. Sitachi wa m'madziwo amagwirizanitsa mafuta a mumsuzi ndi madzi, zinthu ziwiri zomwe pazokha zimakanana, n'kupanga msuzi wokhuthala womwe umavala chingwe chilichonse ngati malaya. Supageti amene walowa mumsuzi akadali wotentha sapeza mpata womatana. Ngakhale chakudya chawo chotchuka cha aglio e olio, chomwe dzina lake limatanthauza adyo ndi mafuta basi, chimaphikidwa motere: mafuta amatenthedwa ndi adyo m'chiwaya, ndipo m'madzi owiritsira mumangolowa mchere. Njirayi imayenda bwino ndi supu wathu wa tomato, anyezi ndi nyama yogaya, ngakhalenso ndi kapenta wokazinga.

Pali zinthu zina zitatu zomwe zimakhudza ife a kuno makamaka, ndipo ndikuganiza kuti ndizo zimachititsa kuti supageti wathu azimatana kuposa wa m'mabuku. Choyamba ndi mtundu wa tirigu. Pasta weniweni amapangidwa ndi tirigu wolimba wotchedwa durum, yemwe ufa wake wamisere umatchedwa semolina, ndipo ku Italy lamulo la mu 1967 linakhazikitsa kuti pasta wouma azipangidwa ndi tirigu ameneyu. Gluten wa durum amalimba bwino akatenthedwa, moti amagwira sitachi m'kati osamulola kutayikira m'madzi. Tirigu amene amalimidwa kuno ku Zimbabwe m'nyengo yozizira ndi madzi othirira ndi wa buledi makamaka, ndipo mapaketi ambiri otsika mtengo, kulikonse komwe apangidwira, amakhala a ufa wa tirigu wofewa kapena wosakaniza. Supageti wotere amatulutsa sitachi wambiri, madzi amakhuthala ngati phala la mwana, ndipo mphindi imodzi yokha yopitirira imamusandutsa nsima. Ndi bwino kutembenuza paketi n'kuwerenga: ngati palembedwa kuti durum wheat semolina, kuphika kudzakhala kosavuta. Ngati sipanalembedwe, mankhwala ake ndi madzi ochulukirapo, kuvundula kawirikawiri ndi kuphula msanga. Mafuta sangalimbitse ukonde wa gluten womwe ndi wofooka kuchokera ku chigayo.

Chachiwiri ndi kukwera kwa mzinda wathu. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera mpweya supanikiza kwambiri pamwamba pa madzi, choncho madzi amawira asanatenthe ngati a kugombe. Pa mamita 300 alionse okwera, kutentha kowirira kumatsika ndi pafupifupi digiri imodzi. Ku Naples kapena ku Beira madzi amawira pa madigiri 100, ku Lilongwe, komwe ndi mamita pafupifupi 1,050, amawira cha pa 96 ndi theka, pamene kuno amawira cha pa 95, ndipo ngakhale mutasonkhezera moto chotani sangapitirire pamenepo. Zotsatira zake n'zakuti nthawi yolembedwa pa paketi imatha kuperewera ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Wophika akaona kuti m'kati mudakali molimba amawonjezera nthawi mongoganizira, kawirikawiri mopitirira, ndipo kunja kwa zingwe kumanyenyeka. Njira yodalirika ndi kuvuula chingwe chimodzi n'kuchiluma. Kadontho koyera ka pakati kakatsala pang'ono kuzimiririka, ndiye kuti nthawi yophula yakwana. Anthu a ku Italy amautcha mkhalidwe umenewu al dente, kutanthauza kuti dzino likumvabe kanthu poluma.

Chachitatu ndi madzi enieniwo. Lamulo lakale la ku Italy limati pa magalamu 100 alionse a pasta pakhale lita imodzi ya madzi ndi magalamu 10 a mchere, kutanthauza malita 5 pa paketi imodzi ya magalamu 500. Kwa banja lomwe limatunga madzi pa mjigo ndi zigubu, kapena kugula, ndiponso kudzaza gasi poyeza pa kilogalamu, kuwiritsa malita 5 kenako n'kuwataya ndi chinthu chopweteka mtima. Ambiri timachepetsa madzi, kenako n'kuthira mafuta pofuna kulipira kuperewerako. Mwayi wake ndi wakuti madzi ochepa si mlandu pawokha. Mu 2009 Harold McGee, wolemba za sayansi ya zakudya wa ku America, analemba mu nyuzipepala ya New York Times kuti anaphika pasta bwinobwino m'madzi ochepera theka la omwe malamulo akale amanena, ngakhale kuyambira m'madzi ozizira, bola kuvundula mosamala. Madzi ochepa amakhala ndi sitachi wambiri, zomwe ndi zabwino pokhuthalitsa msuzi, koma amafuna kuti wophika asatalikire poto. Kwa supageti wautali, chiwaya chotakata chomwe zingwe zingagonemo zonse chimathandiza kuposa poto wakuya wopapatiza, ndipo kuthyola zingwe pakati kuti zimire msanga, ngakhale kuti ku Italy amakuona ngati mwano, sikuwononga kakomedwe.

Mchere nawo uli ndi mbiri yabodza yofanana ndi ya mafuta. Ena amati umawiritsa madzi msanga, ena amati umawatenthetsa kwambiri. Magalamu 10 mu lita imodzi amakweza kutentha kowirira ndi gawo lochepera limodzi mwa magawo asanu a digiri, zomwe palibe lilime lingazizindikire. Mchere umathiridwa chifukwa supageti amamwa madzi ochuluka mpaka kulemera kwake kuwirikiza kawiri ndi kupitirira, ndipo ngati madziwo ndi ozizira m'kamwa, m'kati mwa chingwe mudzakhala mosakoma ngakhale msuzi ukolere chotani. Kusiyana kwake ndi mafuta n'kwakuti mchere umasungunuka m'madzi n'kulowa nawo m'kati.

Pa nkhani yosunga gasi pali njira ina yomwe inabutsa mkangano ku Italy mu 2022, mitengo ya gasi itakwera ku Ulaya. Giorgio Parisi, katswiri wa sayansi amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021, analimbikitsa pa Facebook kuti madzi akawira, pasta akalowa n'kubwata kwa mphindi ziwiri, munthu avundikire poto n'kuzimitsa moto, pasta apse ndi kutentha kotsalako, n'kungowonjezera mphindi imodzi pa nthawi ya pa paketi. Ophika ena otchuka a kumeneko anatsutsa. Maziko ake ndi akuti sitachi ndi gluten zimapsa pa kutentha kwa madigiri 80 ndi kupitirira, ndipo kubwata kwenikweniko sikofunikira. Taonani kuti mphindi ziwiri zomwe moto umasiyidwa ukuyaka ndi zomwe zija zovundula, ndipo moto ukazima thovu silikweranso, motero ngakhale ntchito imodzi ija ya mafuta imatha. Kuno tiyenera kukumbukira kuti timayambira pa madigiri 95, choncho poto akhale wokhuthala, chivundikiro chikhale chothina, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ndi bwino kukulunga potoyo ndi nsalu yokhuthala atachotsedwa pa chitofu, monga amayi amachitira ndi mpunga.

Tifike tsopano pamene mafuta amafunikiradi. Supageti akakhuthulidwa n'kusiyidwa, nthunzi imachoka, sitachi wotsala pakhungu amauma n'kuyamba kulimba, ndipo zingwe zimagwirana kukhala chibuma chomwe azakhali ankanena. Ndi zomwe zimachitikira nsima ikagona n'kusanduka mkute. Kumatana kwachiwiri kumeneku ndiko ambiri a ife timakumana nako, chifukwa kawirikawiri sitidya supageti atangophulidwa. Timaphika masana magetsi akadalipo kuti tidye madzulo, timaphikira ana oti atenge kusukulu, timaphikira anthu mazana awiri pa ukwati kapena pa maliro pomwe chakudya chimadikira maola. Pamenepa supuni imodzi ya mafuta, yothiridwa mu supageti wotentha atangotsanulidwa madzi, n'kusakanizidwa bwino ndi mafoloko awiri kapena kupetedwa m'beseni, imakuta chingwe chilichonse, chifukwa palibenso madzi oti aikankhire kumwamba. Mafuta onse amakhala m'chakudya, palibe opita ku ngalande. Ngati msuzi wapsa kale, zipande ziwiri za msuziwo zimagwira ntchito yomweyo bwino koposa. Kutsuka ndi madzi ozizira kumachotsa sitachi wapamwamba ndi kuimitsa kupsa, ndipo n'koyenera pa saladi wa makaroni wa mayonezi yemwe amadyedwa wozizira, koma pa chakudya chotentha kumachotsa chomwe msuzi ukanagwirapo.

Chenjezo limodzi pa kusunga: mafuta saletsa chakudya kuwonongeka. Supageti ndi mpunga wophika zikakhala pamalo ofunda nthawi yaitali zimatha kumera tizilombo totchedwa Bacillus cereus, tomwe poizoni wake wina safa ngakhale mutatenthetsanso chakudyacho. M'nyengo yotentha ya Okutobala, chomwe sichidyedwa m'maola awiri chiyalidwe m'mbale yotakata kuti chizizire msanga n'kulowa m'firiji, ndipo ngati firiji yazima, ndi bwino kuphika chongokwanira.

Ndikaganiza za agogo aja, omwe anachoka ku Dedza ali mnyamata m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland n'kudzatchona mu Salisbury, yomwe lero ndi Harare, akuphikira mabwana, ndimamvetsa kumene chizolowezichi chinachokera pabanja pathu. M'nyumba yomwe ankagwira ntchito, supageti ankaphikidwa nthawi isanakwane, n'kudikira m'mbale yaikulu mpaka belu la patebulo lilire, ndipo msuzi unkathiridwa pamwamba aliyense m'mbale yake. M'kaphikidwe kotere mafuta otsalira pokhuthula ndiwo ankapulumutsa khukhi ku manyazi. Iwo anaphunzitsa ana awo zomwe zinkawayendera, ndipo anawo anasunga mwambowo. Achinyamata a lero amasokonezedwanso ndi manudozi a m'timapaketi omwe amalekana okha m'madzi otentha, koma ambiri mwa amenewo anaphikidwa kale ndi nthunzi n'kukazingidwa m'mafuta ku fakitale, choncho sangatiphunzitse kanthu za supageti wouma wosaphika.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Supuni yaikulu imodzi ndi mamililita 15. Banja lomwe limawiritsa supageti kapena makaroni kawiri pa sabata, likuthira masupuni awiri m'madzi nthawi iliyonse, limataya mamililita 60 pa sabata, omwe pa chaka ndi malita opitirira 3, botolo limodzi ndi theka la mafuta omwe akanakazinga anyezi ndi tomato.

Nditapita ku Mabvuku kukacheza kwa azakhali, ndinawafotokozera za mapoto anga awiri aja. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwana wa achimwene, za thovuzo ndikuzidziwa, n'chifukwa chake kadontho sindisiya. Koma zothira pambuyozo tidzaziona pa chinkhoswe cha mu Disembala." Pa chinkhoswecho mphika wa supageti anaupereka kwa mtsikana uja. Azakhali anadonthezamo supuni yaing'ono imodzi, n'kumupatsa mthiko waukulu, namuuza kuti asachoke pamoto mpaka madzi atatuwa. Atakhuthula m'beseni, iwo eni anathira mafuta pang'ono pamwamba n'kupeta beseniyo ngati lichero, nthunzi ikuwaphimba kumaso, kenako anaitana amayi a mapoto a supu kuti ayandikire.